Ndikasangalala ndi kulowa kwa dzuwa ndimadzida, anthu akuvutika chonchi

Funso lachokera kwa mayi wina, ndalifupikitsa pang'ono: "Chaka chatha ndinataya mng'ono wanga atadwala nthawi yayitali. Chiyambire pamenepo foni sichoka m'manja, usiku ndimangowerenga za nkhondo, njala, madzi osefukira, ana akufa. Anzanga amati tuluka ukaone mitengo ndi mbalame mtima ukhale pansi. Tsiku lina ndinayesa, dzuwa limalowa mokongola mpaka ndinamwetulira ndekha, kenako ndinadzida. Kodi kusangalala ndi maluwa anthu akuvutika si kuthawa zoona? Nanga chilengedwecho si chikutha nachonso, chiyembekezo chake chili pati?"

Mayi, choyamba pepani kwambiri ndi imfa ya mng'ono wanu. Kudwazika munthu nthawi yayitali kenako nkumutaya kumatopetsa thupi ndi mtima womwe, ndipo anthu ambiri amaiwala kuti wodwazikayo nayenso amatuluka m'menemo ali wovulala.

Ndiyambe ndi kumwetulira kuja, chifukwa ndi pomwe pakukupwetekani kwambiri. Simunalakwire munthu aliyense. Mwana amene ali kunkhondo sanapepukidwe ngakhale pang'ono chifukwa choti inu mwakana kuyang'ana kumwamba, ndipo mng'ono wanu simunamunyoze. Kudzida kumeneku ndimakuona kawirikawiri mwa anamfedwa, munthu akaseka koyamba maliro atadutsa amadzidzimuka ngati waba, mumtima muli mawu akuti iwe ukuseka chiyani mnzako ali m'manda. Mawu amenewo amachokera ku chikondi, nchifukwa chake sindikukuuzani kuti muwakalipire. Koma akunama pa chinthu chimodzi, akukuuzani kuti kukumbukira munthu nkuvutika basi, kuti tsiku lomwe mudzasiye kuwawidwa mphindi iliyonse ndiye kuti mwamutaya kachiwiri. Sizili choncho ayi. Mtima wa munthu umatha kunyamula zonse ziwiri nthawi imodzi, misozi ili m'maso uku maso omwewo akuona kuti mtambo wafiira bwino.

Taganizani za Nelson Mandela. Anakhala m'ndende zaka 27, anzake akuphedwa kunja, mayi ake ndi mwana wake wamwamuna anamwalira iye ali mkati ndipo sanamulole kupita kumaliro. Munthu ameneyo anapempha kakona m'bwalo la ndende ya Robben Island nkulima kadimba, ndipo atamusamutsira ku Pollsmoor mu 1982 anadzala mbewu padenga, m'migolo yodula pakati yothiramo dothi. Palibe anganene kuti Mandela ankathawa zoona pothirira mbewu zakezo. Dimbalo linali gawo la zomwe zinamusunga kuti asasweke, kuti akadzatuluka akhale adakali munthu wotha kugwira ntchito yomwe inkamudikira. Ine ndimaona kuti funso lenileni si loti kodi ndili ndi ufulu wosangalala, koma loti kodi ndidzisunga bwanji kuti mavuto a dzikoli asandimalize ndisanathandize ngakhale munthu mmodzi.

Nde tiyeni tikambe za foniyo, chifukwa ikuchita zambiri kuposa mmene mukuganizira. Ubongo wathu unapangidwa kuti uzigwira msanga nkhani yoopsa kusiyana ndi yabwino, zinkatipulumutsa kale, womva kaphokoso patchire nkuthawa ndi amene ankakhala moyo. Opanga mapulogalamu a pafoni amadziwa zimenezi, chomwe mwaima nkuchiyang'anitsitsa amakubweretserani china chofanana nacho, kenako china, mapeto ake usiku umodzi mwaona masoka a mayiko khumi pomwe agogo athu ankamva za tsoka la mudzi woyandikana nawo basi ndipo ankatha kunyamuka kukathandiza. Inu mukuona zonse koma manja alibe pogwira. Thupi silidziwa kuti bomba lija lagwa kutali, mtima umagunda, mapewa amauma, tulo timathawa, ndiye mmawa mumadzuka wotopa kale ndipo munthu wotopa amaona mdima paliponse. Komanso ndikuganiza kuti mwa inu muli chinanso, munthu amene ali ndi chisoni nthawi zina amafunafuna nkhani zogwirizana ndi mmene akumvera mkati, dziko likamaoneka lakuda zimakhala ngati likuvomereza kuti zoonadi chinthu chachikulu chachitika. Zimamveka. Koma sizichiza.

Anzanu aja sakunena zachibwana, ngakhale mwina anazinena mopepuka kwambiri. Pali kafukufuku pa zimenezi. Mu 1984 Roger Ulrich anasindikiza zomwe anapeza atafufuza mafayilo a odwala 46 pachipatala china ku Pennsylvania ku America, onse anachitidwa opaleshoni yochotsa ndulu. Theka anagona m'zipinda zomwe windo lake linkayang'ana mitengo, theka lina windo linkayang'ana khoma la njerwa. Oyang'ana mitengo aja ankatuluka m'chipatala pafupifupi tsiku limodzi msanga, ankapempha mankhwala amphamvu opha ululu ochepa, ndipo anamwino sanalembe madandaulo ambiri okhudza iwo. Anthu 46 ndi ochepa, zoona, koma zinatsegula njira ndipo ena ambiri anatsatira. Wina amene amandikhudza kwambiri pa nkhani yanu ndi wa 2015 ku yunivesite ya Stanford, Gregory Bratman ndi anzake anatuma anthu kukayenda mphindi 90, ena kumalo a udzu ndi mitengo, ena m'mbali mwa msewu wodzaza magalimoto. Oyenda kumitengo anabwera akunena kuti maganizo obwerezabwereza odziimba mlandu achepa, ndipo makina ojambula ubongo anaonetsa kuti kachigawo komwe kamatanganidwa munthu akamabwereza maganizo otere kanali katadekha. Oyenda kumsewu sanasinthe.

Maganizo obwerezabwereza amenewa mukuwadziwa, ndikanamutengera kuchipatala msanga, ndikanapanda kuchoka tsiku lija, bwanji ine ndatsala. Amazungulira ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, ikuyenda tsiku lonse koma malo ndi omwewo ndipo udzu unatha kalekale. Rachel ndi Stephen Kaplan a ku yunivesite ya Michigan ndi amene anafotokoza bwino chifukwa chake chilengedwe chimathandiza apa. Amati pali chidwi chomwe timachita kudzikakamiza, cha pantchito, cha powerengera ndalama, cha pamsewu, ndipo chimenechi chimatha mphamvu. Nde pali china chomwe chimangobwera chokha mofatsa, masamba akugwedezeka, madzi akuyenda, nyerere zikukoka chinthu chachikulu kuposa izo. Zinthu zoterezi zimakugwira maso popanda kukukuwa, sizikufuna yankho kwa iwe, sizikufuna kuti usankhe mbali, ndipo mu kanthawi kameneko mbali yotopa ija imapuma. Foni nayo imagwira maso, inde, koma mokuwa, nchifukwa chake ukaitsitsa umakhala wotopa kuposa poyamba.

Musandimve ngati ndikunena kuti chilengedwe ndi chokoma mtima. Sichoncho. Madzi omwe amakongola madzulo ndi omwewo amakokolola nyumba anthu ali mtulo, kabawi amagwira kamwanapiye mayi wake akuona, chilala sichisankha mwana kapena wamkulu. Ndipo matenda omwe anatenga mng'ono wanu nawonso ndi mbali ya chilengedwe chomwecho. Ine sindikhulupirira chitonthozo chomwe chimafuna kuti munthu atseke diso limodzi. Chomwe chilengedwe chimapereka kwa munthu wachisoni ndi china, chimakuonetsa kuti imfa ndi moyo zili pamalo amodzi ndipo moyo sukudikira kuti imfa ithe kaye ndiye uyambe. Chipika chikuola apa, pachipika pomwepo pamera tizomera tina, tizilombo tikudya, mbalame ikubwera kudzatola tizilomboto. Anthu ena zimenezi zimawapweteka poyamba, amati dziko likupitirira bwanji ngati palibe chachitika, ndipo mkwiyo umenewo nawo ndi wololedwa. Pakapita nthawi ambiri amapeza kuti kupitirira komweko ndi komwe kukuwanyamula.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lakuti chilengedwecho si chikutha. Chikuwonongeka ndithu, sindikubisirani. Lipoti la 2024 la WWF, bungwe loteteza zachilengedwe, linati magulu a nyama zakutchire omwe akatswiri akhala akuwawerenga achepa ndi 73 peresenti pa avereji kuyambira 1970 mpaka 2020. Sizikutanthauza kuti nyama 73 pa 100 zilizonse padziko zafa, ndi avereji ya kuchepa kwa magulu omwe ankatsatidwa, ena achepa koopsa ena achuluka, komabe ndi nkhani yoliritsa. Nkhalango zikudulidwa, nyengo yasokonekera. Amene akumva chisoni ndi zimenezi mutu wake ukuyenda bwino.

Koma nyuzi sizikonda kukuuzani mbali inayo, chifukwa kuwonongeka kumachitika tsiku limodzi nkujambulidwa pomwe kuchira kumatenga zaka makumi ndipo kulibe tsiku loti kamera ibwere. Pa 6 Ogasiti 1945 bomba la atomiki linagwa pa mzinda wa Hiroshima ku Japan, pofika kumapeto kwa chakacho anthu pafupifupi 140,000 anali atafa, ndipo kunamveka mphekesera yoti kwa zaka 75 palibe chidzamere pamalopo. Pasanathe nkomwe chaka chimodzi bombalo litagwa mitengo ina yopsereratu inayamba kutulutsa mphukira, ina mwa iyo ya mtundu wa ginkgo yomwe inali pamtunda wa kilomita imodzi kapena awiri kuchokera pomwe bomba linaphulikira. Mitengo pafupifupi 170 yotereyi ilipobe mumzindamo, ili ndi zikwangwani, ina zipsera zake zikuonekabe mbali yomwe inayang'ana moto, ndipo mbewu zake zimatumizidwa kumayiko ena kuti zikadzalidwe. Anthu a ku Hiroshima sanaone mphukirazo nkunena kuti basi zonse zili bwino. Abale awo anali atafa ndithu. Chomwe anaona nchakuti mawu aja akuti pano sipadzameranso kanthu anali abodza, ndipo kwa munthu amene wataya zonse, kungodziwa kuti mawu amenewo angathe kukhala abodza ndi chinthu chachikulu.

Nkhani yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi ya paki ya nyama zakutchire ya Gorongosa ku Mozambique, chifukwa simabisa bala. Nkhondo yapachiweniweni ya 1977 mpaka 1992 inadutsa m'paki imeneyi, asilikali anjala ankapha nyama kuti adye, njovu ankaziphera minyanga yogulira zida, mpaka nyama zikuluzikulu zoposa 90 peresenti zinatha. Mu 2008 boma la Mozambique linasainirana pangano ndi bungwe la Greg Carr, munthu wachuma wa ku America, loti abwezeretse pakiyo mogwirizana ndi midzi yozungulira, alonda, masukulu, zipatala, zonse pamodzi, ndipo powerenga ndi ndege mu 2018 anapeza nyama zikuluzikulu zoposa 100,000. Koma tamvani izi. Nkhondo isanayambe njovu zazikazi zopanda minyanga zinali zosakwana imodzi pa zisanu zilizonse, itatha zinali pafupifupi theka la zomwe zinapulumuka, chifukwa zaminyanga ndi zomwe zinkaphedwa, ndipo ana aakazi ambiri obadwa kwa izo akubadwanso opanda minyanga. Zina mwa njovu zakale zija zinapitiriza kuthamangitsa magalimoto zaka zambiri nkhondo itatha, sizinaiwale. Gulu lachira, likuswana, likuyenda, koma silinabwerere mmene linalili ndipo nkhondoyo yalembedwa m'matupi mwawo. Kuchira kwa munthu woferedwa kumakhalanso kotero mayi, simudzakhala munthu uja munali mng'ono wanu ali moyo, ndipo musalole wina akuuzeni kuti cholinga nchimenecho.

Anamgumi a mtundu wa humpback a m'nyanja ya kufupi ndi Brazil anasakidwa mpaka kutsala pafupifupi 450 m'zaka za m'ma 1950, kusakako kutaletsedwa achulukanso kufika pafupifupi 25,000. Ku Niger, m'zaka za m'ma 1980 nthaka itaguga ndipo mbande zodzalidwa zikungofa, katswiri wa zaulimi wa ku Australia Tony Rinaudo anazindikira kuti tizitsamba tomwe alimi ankasadza chaka chilichonse pokonza minda tinali mphukira za zitsa za mitengo yakale, mizu yake idakali moyo pansi. Alimi atayamba kusiya mphukira zingapo zolimba pachitsa chilichonse nkumazitengulira ndi kuziteteza, mitengo pafupifupi 200 miliyoni inabwerera pa mahekitala okwana 5 miliyoni, ndipo ambiri mwa anthu omwe anachita zimenezi ndi alimi osauka okhala ndi khasu ndi chikwanje basi.

Mwaona chofanana pa nkhani zimenezi? Kupatula mitengo ya Hiroshima yomwe inaphuka yokha, nayonso anthu anachita kuisamala pambuyo pake, kwina konseku panali anthu omwe anasiya kuwononga nkuyamba kuteteza, zaka ndi zaka, ambiri osadziwika maina. Ndiye chiyembekezo chomwe ndikukupatsani si chakuti khalani phee zonse zidzakonzeka zokha. Mitundu ina ya zamoyo inatha ndipo sidzabweranso. Chiyembekezo chake nchakuti zamoyo zili ndi mphamvu yobwerera yoposa mmene timaganizira zikangopatsidwa mpata, ndipo kupereka mpatawo ndi ntchito yoti munthu wamba angaigwire. Ndipo ndinene mosabisa, chitsa chimaphukanso koma munthu akapita sabwerera, palibe mtengo ungakubwezereni mng'ono wanu. Amene angaphukenso apa ndi inuyo.

Nanga muchite bwanji? Musadikire tsiku lopita kumapiri kapena kunyanja, ulendo wotero umafuna ndalama ndi mphamvu zomwe munthu wachisoni nthawi zambiri alibe. Kafukufuku wa 2019 wa anthu pafupifupi 20,000 ku England anapeza kuti omwe ankakhala m'chilengedwe mphindi 120 kapena kuposa pa sabata ndi omwe ankanena kwambiri kuti thanzi ndi mtima zili bwino, ndipo zinalibe kanthu kaya ndi ulendo umodzi wautali kaya timaulendo tambiri tatifupi. Kafukufuku wa mtundu umenewu satsimikiza kuti mitengoyo ndi imene yachiritsa, mwina athanzi kale ndi omwe amatuluka kwambiri, komabe zikugwirizana ndi enawo, ndipo mphindi 120 mukazigawa ndi zosakwana 20 patsiku. Sankhani mtengo umodzi womwe mumaudutsa kale, kaya uli pafupi ndi nyumba kaya panjira ya kuntchito, muziima pamenepo tsiku lililonse, womwewo osasintha. Masiku oyamba mudzaona mtengo basi ndipo mwina mudzadzifunsa kuti ndikutani pano. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Pakapita masabata mudzayamba kuona kuti nthambi iyi yatulutsa timasamba tofiirira, kuti pali kambalame kamabwera nthawi yomweyomweyo, kuti khungwa lili ndi njira ya chiswe yomwe dzulo panalibe. Kusintha kwa pang'onopang'ono kumeneku ndi komwe ndikufuna maso anu aphunzirenso kuona, chifukwa foni yawazoloweretsa zinthu zophulika zokhazokha.

Ngati mungathe chitani mmawa. Kuwala kwa mmawa kukalowa m'maso kumakonza wotchi ya m'thupi yomwe imalamula nthawi ya tulo, ndipo munthu akayamba kugona bwino mdima uja umachepako wokha. Foni isiyeni m'thumba, osajambula, chifukwa mukangoyamba kujambula maganizo apita kale kwa anthu omwe akaone chithunzicho. Usiku isagone nanu pabedi. Sindikuti musiye kutsata nkhani za dziko, munthu ayenera kudziwa zomwe zikuchitika, koma ikani nthawi yake masana, muwerenge, mutseke. Ndipo pa masoka onse omwe mukuwawerenga sankhani chimodzi chomwe manja anu angafikepo, wodwala woti mukamuone, banja lomwe likudwazika ngati mmene munkadwazikira inu, mukudziwa bwino chomwe anthu oterowo amasowa. Chisoni chikapeza ntchito chimasiya kudya mwini wake.

Misozi ikabwera muli pansi pa mtengowo ilekeni ibwere. Mukafuna kulankhula naye mng'ono wanu lankhulani, anthu ambiri amatero ndipo si misala. Ena amathandizika podzala kanthu pomukumbukira, nazonso ndi zabwino, koma ndimalangiza kuti mudzale mbande zingapo osati imodzi, chifukwa mbande zimafa ndipo ndaonapo anthu akusweka mtima kachiwiri kamtengo kamodzi komwe anaikapo dzina la wokondedwa wawo katauma.

Pomaliza pali chinthu chomwe mitengo singachite. Mwati papita chaka ndipo usiku simukugona. Ngati pamwamba pa zimenezo chakudya sichikulowa, ntchito ikukukanikani, mwasiya kucheza ndi anthu, zinthu zomwe munkazikonda zonse zazizira ndipo zakhala choncho masabata awiri kapena kuposa pafupifupi tsiku lililonse, amenewo angakhale matenda a dipuleshoni, kapena chisoni chokanirira chomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachiika pamndandanda wa matenda odziwika, ndipo zonse ziwiri zili ndi chithandizo, uphungu komanso nthawi zina mankhwala. Pitani mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo, mukafotokoze momwe mwandifotokozera ine, za foni, za tulo, za kudzida kuja. Ndipo ngati maganizo oti bola nanenso ndingofa anayamba abwerapo, ngakhale kamodzi, musagone nawo nokha, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe ndipo akuperekezeni kuchipatala.